Mpando wa Amayi pa Konselyu

Anadzanditenga Lachiwiri m'mawa, nyengo yosoka fodya, ndili m'chigafa. Anali apolisi awiri pa mota imodzi, njinga yamoto ija, ndipo wamng'onoyo anayamba wandipatsa moni mwaulemu asanandiuze kuti ndikufunidwa kuboma.

Mlandu wanga unali wotere. Konselyu ya kwathu ku Chidzolomondo, bwalo lolangiza akuluakulu a boma, inkafunika kukhala ndi mayi, komanso mmodzi mwa ife amene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Ine ndinali zonse ziwiri, choncho mpando umodzi unakwanira. Anandipatsa kapulana yatsopano, chitenje chija, n'kumandikhazika kutsogolo alendo akabwera. Tsiku lina alendo anafunsa ngati amayi ali ndi mawu, ndipo ine mwa kupusa kwanga ndinayesa akufunsadi. Ndinaimirira n'kunena za mlatho wathu umene unakokoloka, ndi za mpongozi wanga amene anachirira m'mbali mwa mtsinje wodzaza, chipatala chili kutsidya. Mwanayo sitinamumve kulira.

Kubomako anandifunsa amene anandituma. Ndinati amayi, si ndiwo ndimawaimira? Wamkulu wawo anamenya meza.

"Mayi, inu munaikidwa kuti amayi aoneke. Milatho ili ndi eni ake."

Kenako anazindikira kuti Chipwitikizi changa n'chokhota, ndiye kuti ndine Mmalawi wolowerera za eni. Chomwe anandikhazikira pampando chinasanduka chonditsekera. Ndinawauza kuti mchombo wanga unagwera ku Chidzolomondo, ku Malawi ndinapita ndili kumsana. Palibe anamvetsera.

Za m'chipinda chimene ananditsekeramo sindinena zambiri. Munali chidebe chimodzi ndi kazenera kosalowa mutu. Mano awiri akutsogolo ndinawasiya momwemo. Fodya wanga anawolera m'chigafa.

Chimanga chitauma anatsekula chitseko masana n'kundipatsa sopo ndi kapulana yanga ija, yochapa ndi kusita. Kunkabwera alendo ena. Aboma aja anali atafunafuna mayi wina wobwerera kuchokera ku Malawi woti akhale pampandopo, koma onse anakana. Ndinaseka mpaka mlonda anakwiya.

"Mukamwetulire, koma pakamwa musakatsegule," anatero.

Ndinakhala pampando, anandijambula. Alendo anafunsa funso lomwe lija. Mpongozi wanga anali ataimanso, ndipo mwezi wake unkagwera m'dzinja. Ndinaimirira, mipata ya mano ili poyera.

"Mlatho uja sunamangidwe."

Sanadzanditengenso. Anangochotsa mpandowo, n'kulengeza kuti amayi a kuno sanakhwime pa zamisonkhano. Zimandinyansa mpaka lero, ndipo sindibisa. Ufulu umene anandibwezera ndi woti ndizilankhula mmene ndafunira m'munda mwanga, kopanda wondimva. Mpongozi wanga tinamuwolotsa mitambo isanayambe kuda, kuti akadikirire pafupi ndi chipatala ku Furancungo. Amayi onse a kuno tsopano amatero.