Dzanja Langa Silikudwala

Ndinadandaula koyamba Lamlungu lotsatira Pasaka chaka chatha, pakamwa, kuseri kwa tchalitchi. Kenako ndinalembera komiti ya kwaya, ndipo kope la kalatayo ndili nalo, monga ndimasungira pepala lililonse londikhudza. Yankho silinabwere mpaka lero.

Vayolini ndinaiphunzira nditakula kale, nditapuma ntchito yoyang'anira ng'ombe za mkaka kuno ku Palabana. Mphunzitsi wanga ndi mayi wina wa ku Silverest amene kale ankaphunzitsa nyimbo ku Lusaka. Loweruka ndinkapalasa njinga mpaka kumsewu waukulu, n'kukwera minibasi, vayolini ili pamiyendo. Nditayamba kuimba nyimbo za m'buku osaphonya, a kwaya ya mpingo wathu anandipatsa malo. Koma mayiyo sanakhutire.

"Atate, mawu yanu ni youma," anatero. "Mugwira vayolini monga mukama ng'ombe. Lekani kufinya."

Ndiye anayamba kundiphunzitsa vibulato, ndiko kugwedeza chala pa nsambo kuti liwu lizinjenjemera pang'ono ngati la munthu. Si zamasewera. Poyamba anandilanda vayolini ndi uta womwe, n'kundipatsa kabokosi ka machesi kuti ndizikagwedeza ndi dzanja lamanzere, mkono osasuntha. Kenako ndinkatsamiritsa mutu wa vayolini kukhoma, n'kumapendeketsa chala chimodzi chakumbuyo ndi kuchibweza, pang'onopang'ono. Liwu liyenera kutsika pang'ono n'kubwerera pamalo pake. Likapitirira m'mwamba, walakwitsa. Chala chachikulu chinkauma, phewa linkawawa. Dzinja lonse linatha ndisanatulutse liwu loti mayiyo n'kulilola kutuluka m'nyumba mwake.

Pa Pasaka ndinayesa pagulu. Pa nyimbo ya mgonero ndinagwira liwu lalitali, ndipo linanjenjemera mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera. Mapemphero atatha, amayi a mpingo anandizungulira. Wina anandigwira dzanja n'kuyamba kulipempherera. Wina ankafunsa ngati ana anga akudziwa.

Pa mpingo wathu mkulu akayamba kufooka samuuza. Amangomuikira mpando wa khushoni kutsogolo, n'kumuchotsera ntchito zonse zoimirira. Lamlungu lotsatira ndinaupeza mpandowo ukundidikira. Pamalo panga mu kwaya anali ataikapo sipika.

Woyang'anira kwaya, amene amagogoda kiyibodi ndi nsonga za zala ng'oma zikudziimba zokha m'katimo, anabwera akumwetulira, akunditchula kuti ba shikulu, ndiko kuti agogo.

"Ba shikulu, pumulani chabe. Tonse tinaona mwamene kwanja inali kuchitira. Osamvera nsoni, ni ukalamba."

"Dzanjalo ndinaligwedeza dala," ndinatero. "Ndi luso limenelo, amachita kuphunzira."

"Ehe, ba shikulu. Na kiyibodi ili nayo iyo sawundi. Nikanikiza chabe batani."

Batani! Munthu wotsogolera oimba sadziwa kusiyanitsa dzanja lodwala ndi dzanja lophunzira. Dzanja lodwala limanjenjemera ngakhale pogwira kapu ya tiyi, ndipo mwini wake salilamula. Langa limayamba ndikafuna, limaleka ndikafuna, ndipo lamanja logwira uta silitekeseka n'komwe. Aliyense wokhala ndi makutu akanamva kuti liwulo linali lokonzedwa. Koma anthu amene anagonthetsedwa ndi sipika amamvera nyimbo ndi maso.

M'kalata ija ndinapempha chinthu chophweka: ndiimbe pamaso pa komiti liwu limodzi louma, lina lonjenjemera, iwo aweruze. M'malo mwake ananditumizira thumba la malalanje ndi gulu loyendera odwala, limene linandipeza ndikupalira mbatata. Anandiuza kuti ndisamadzikakamize.

Mpando wa khushoni sindinaukhalepo. Ndimakhala pabenchi yakumbuyo, n'kumamvetsera kiyibodi ikuthamangitsa nyimbo ya maliro ngati ya ukwati. Zaka zoimirira zimene zanditsalira si zambiri, ndipo sindikufuna kuzithera pamenepo.

Choncho ndikupempha komiti ya kwaya, mwaulemu wonse woyenera, kuti isankhe tsiku londimvetsera, ndipo indiyankhe molemba ngati ndibwerere pamalo panga kapena ayi, pamodzi ndi chifukwa chake.