Njerwa Zosapsa za ku Zemba

Kumanga nyumba ndinaphunzira kwa amalume, osati m'kalasi. Sukulu ndinalekera panjira. Koma njerwa ndimaidziwa. Ukagunditsa ziwiri, zakupsa zimalira ngati khasu pamwala. Zosapsa zimangoti phu, ngati dzungu.

Chaka chimene tinkamanga sukulu ndi manja athu kwathu ku Zemba, mmisiri ndinali ine. Amayi ankatunga madzi, amuna ankaponda dothi ndi kuumba. Uvuni tinauyatsa bwino, ndipo unafunika moto wa masiku anayi. Tsiku lachiwiri kunafika uthenga wakuti bwana wamkulu wa ku boma akubwera kudzaona khoma. A tcheyamani a chipani m'dera lathu analamula kuti moto uzimitsidwe, uvuni uphwasulidwe, ntchito iyambe.

Ndinatola njerwa ziwiri ndi kuzigunditsa pamaso pawo.

"A tcheyamani, tamverani. Ili ndi dothi."

"Amisiri, ife tikumanga dziko, inu mukuimba ng'oma?"

Anthu anaseka. Ndinaponya njerwa imodzi m'chidebe cha madzi. Dzuwa lisanafike pamutu inali phala.

"Nanga ana adzaphunzirira m'chidebe?" anatero a tcheyamani. Anthu anasekanso.

Ndinakana kumanga. Anaitana munthu wina amene ankamanga makola a nkhumba. Khoma linakwera, analizira, analipaka laimu. Kenaka kunabwera kalaliki wa ku boma ndi chingwe choyezera. Anayeza m'litali, anayeza msinkhu, analemba papepala kuti nyumbayo ndi yolimba, nadinda. Khomalo sanalikhudze n'komwe, ankaopa kuda malaya. A katekisiti nawo anati kwa ine, "Chachikulu n'chakuti anthu agwirizana." Ndinawafunsa ngati kugwirizana kumaletsa mvula.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anayenera kuyamba sukulu m'chipinda chomwecho. Sukulu ina inali kutali, kupitirira mitsinje iwiri. Mwana wa msinkhu umenewo sakanafikako.

Mphekesera zinayamba zakuti ndikukana chitukuko. Masiku amenewo mawu otere sanali masewera. Wokana chitukuko anali mdani wa chipani, ndipo mwana wa mdani dzina lake linkasowa m'kaundula wa sukulu popanda wolifufuta. A tcheyamani anabwera pakhomo panga, anakana mpando.

"Amisiri, ine sindidana nanu. Koma akuluakulu kumtunda akufunsa. Kaya ndinu mdani, kaya mukudwala. Ndiwauze chiti?"

Atachoka, mkazi wanga anagwada pafupi nane.

"Abambo, pitani kuchipatala. Mukanene kuti makutu akuvuta. Njerwa munazimva molakwa, basi."

"Ine? Makutu?"

"Kunyada kwanu kudzamuphunzitsa mwanayu kuwerenga?"

Ndinakhala masiku atatu osamulankhula. Tsiku lachinayi ndinapalasa njinga kupita kuchipatala ku Chadiza.

Dokotala anali munthu wotopa, wopanika cholembera kukhutu. Anandiunika m'makutu. Anaima kumbuyo kwanga, nagwetsa singano m'mbale yachitsulo. Ndinatembenuka ndisanaganize.

"Bambo, makutu anu ndi abwino kuposa anga. Mwadzeranji?"

Ndinamufotokozera zonse. Anapukusa mutu, natenga pepala.

"Sabata yatha ndinalembera mphunzitsi wina kuti ali ndi chizungulire. Sanaimirire poimba nyimbo pamsonkhano. Inu mukufuna khutu limodzi kapena onse awiri?"

"Lembani onse."

Analemba, nadinda. Chidindo chake chinali chofanana ndi cha kalaliki uja. Ndinatuluka ndi kulavula pansi.

Pepalalo linawerengedwa pamsonkhano, pansi pa khoma loyera lija. A tcheyamani analikweza m'mwamba.

"Mwaona, amayi ndi abambo? Mnzathuyu si mdani. Ndi gonthi chabe. Mtima wake uli bwino!"

Anandiombera m'manja. Amayi ena analuluta. Ine ndinakhala pansi ndi makutu anga abwinowo, ndikumva chilichonse.

Mwana analembedwa. Ndinamulamula zinthu ziwiri: azikhala pafupi ndi khomo, ndipo mvula ikalimba azituluka, aphunzitsi afune asafune. Anakwapulidwa kawiri chifukwa cha lamulo langalo. Sindinalisinthe. Ndinadula mitengo itatu ya muwanga ndi kuchirikiza khoma lakumbuyo. Aphunzitsi aakulu anauza alendo kuti ndi poyedzeka njinga. Dzinja lachiwiri khomalo linang'aluka, mng'alu wolowa dzanja. Anamata dothi, anapakanso laimu. Chaka chilichonse ndinkasintha mitengo chiswe chisanaimalize. Palibe anandituma, palibe anandithokoza.

Mwana anamaliza makalasi ake onse pampando wa pakhomo womwewo. Anatuluka wamoyo, wodziwa kuwerenga ndi kulemba. Chimenecho ndinachipeza.

Ntchito ya umisiri inathera pomwepo. Ndani angapatse nyumba yake kwa mmisiri wosamva njerwa? Anthu omwe anaona phala m'chidebe ndi maso awo anakhulupirira pepala. Ndinabwerera kumunda, kulima mtedza ndi thonje. Mpaka lero m'mudzi muno akafuna kundipatsa moni amayandikira kukhutu kwanga ndi kukuwa. Adzukulu anga enieni amatero. Ine ndimangoyankha kuti, "Ndamva."