Utomoni wa Paini pa Jekete la Amuna Anga

Amuna anga ali ndi jekete limodzi, lakuda, la mabatani achitsulo. Analigula pa kaunjika ku Madisi chaka chimene anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Pathumba pake pali chithunzi cha mkango wogwira mpira. Palibe akudziwa kuti ndi cha sukulu iti, koma kutchalitchi anachizolowera.

Lachinayi lina anapita kumaliro ku Msakambewa. Ulaliki unatalika, mipando inali yochepa, ndiye anatsamira mtengo wa paini umene wina anautema ndi chikwanje. Atabwerako anandifotokozera za maliro onse ali chiimire pakhonde. Potembenuka kuti alowe m'nyumba mpamene ndinaona kumsana kwawo. Utomoni unayambira paphewa mpaka m'chiuno, utamata fumbi, timasamba ndi nyerere zakufa.

"Mwabwera nawo mtengo," ndinawauza.

Anavula jeketelo nkuliyang'ana nthawi yaitali. "Lamulungu wowerenga zolengeza ndine," anatero.

Ndinayamba ndi sopo, koma utomoni sunasunthe. Madzi otentha anangoufewetsa, nkufalikira pomwe panalibe. Alamu anga anati ndiyese parafini, koma m'mudzi mwathu parafini anasowa kalekale, aliyense ali ndi nyale ya sola.

Mawa lake ndinapita nalo kwa telala wa pamsika, bambo wachisilamu wosalankhulalankhula. Anakanda utomoniwo ndi chikhadabo.

"Kachasu," anatero. "Wamutu weniweni. Muviike kansalu, muzipukuta pang'onopang'ono."

"Mwini wake ndi mkulu wa mpingo."

"Inenso sindimwa, mayi. Koma nsalu ilibe chipembedzo."

Womutuma panalibe. Ndinabisa kabotolo m'chitenje nkutsetsereka kudambo, kwa mayi wina amene amatcheza kachasu. Ndinasankha masana poganiza kuti anthu ali kudimba. Ndinapeza benchi lodzaza. Azibambo atandiona anavula zipewa, wina nkusendera kundisiyira malo.

"Ndi wa jekete," ndinamuuza mayiyo.

"Inde," anayankha akuthira. "Ena amati ndi wa dzino."

Kachasuyo anagwira ntchito. Utomoni unasungunuka nkumatsalira pakansalu, ndipo pofika madzulo kumsana kunali mbee. Ndinatsukuluza jeketelo nkuliyanika. Loweruka kunacha ndi nkhungu, mapiri a ku Ntchisi osaoneka, kamvula kakuwaza tsiku lonse. Jekete silinaume bwino, fungo silinachokenso. Posita, fungolo linachita kukula.

Lamulungu amuna anga analivala choncho. Anaimirira kutsogolo nkuwerenga za msonkhano wa amayi ndi za denga lodontha. Abusa anakhala kumbuyo kwawo, pafupi kwambiri. Ndinawaona abusawo akukweza mutu, kenaka akuyang'ana pansi.

Mapemphero atatha anatiitanira tonse awiri m'kachipinda ka kuseri. Nkhani ya ulendo wanga wa kudambo inali itawapeza kale.

"Mayi, ndamva zina," anatero abusa. "Lero ndanunkhizanso zina."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa maliro. Amuna anga ankangoyang'ana nsapato zawo. Abusa anawapempha kuti atembenuke, nkusisita kumsana kwa jeketelo ndi dzanja.

"Panali pamenepa?"

"Mpaka m'chiuno."

"Unali wa mtengo wanji?"

"Wa paini."

"Nanga wa mango umachoka?"

Ndinati sindikudziwa. Anatiuza kuti nkhani yatha, koma tsiku lina tidzayambe tawadziwitsa iwo. Pobwerera, titafika pamlatho, amuna anga anati zolengeza anawerenga bwino, sanalakwitse paliponse. Ndinavomera.

Lachiwiri m'mawa amayi busa anafika kwathu ndi jumbo. Tinalonjerana, tinakamba za mvula ndi za mtengo wa feteleza. Amuna anga anatuluka kukaona mbuzi. Kenaka amayiwo anatulutsa thalauza la abusa m'jumbomo, nkufunsa motsitsa mawu ngati m'kabotolo muja munatsalako.

Munatsala pang'ono. Tinakhala kuseri kwa khitchini nkuyamba kupukuta.