Ndinauza mkamwini kuti zili bwino

Nthawi imene malasha anali pa mtengo, ndinkayendetsa kamyawo, galimoto yaikulu ya katundu, ya kampani ina ku Moatize. Mkamwini wanga ankagwira ntchito ya makompyuta ku ofesi ya kampani yomweyo. Sitinkacheza. Apongozi ndi mkamwini amapatsana moni, basi. Nkhani zinkadzera mwa mwana wanga, mkazi wake.

Tsiku lina kampaniyo inaika pulogalamu yatsopano yotulutsira zilolezo za katundu. Mwana wanga anadzandifotokozera kuti pulogalamuyo imakhala m'tizigawo tambiri pa makina angapo. Kagawo kakafa, makina amadzutsa kena. Mkamwini anayamba kuiyesa pa magalimoto ochepa, yanga ili momwemo. Kagawo kolankhula ndi matabuleti athu a m'magalimoto kankangodzuka n'kufa, kudzuka n'kufa.

Ndinali pamzere wa pamalire ku Zóbuè pamene foni inalira. Anali mkamwini.

"Pepani bambo, ndakusokonezani. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Nenani."

"Ndakonza pena pake. Kodi tabuleti yanu ikuonetsa chiyani?"

Ndinayang'ana. Mawu ofiira, ang'onoang'ono, a Chingerezi. Ine ngakhale Chipwitikizi ndinachisiyira panjira. Ndiuze mwamuna wa mwana wanga kuti sinditha kuwerenga zimenezi?

"Zili bwino," ndinatero.

Anathokoza kwambiri. Mkamwini safunsa apongozi kachiwiri. Anatumiza pulogalamuyo ku makina onse, ndi amene ankagwira bwino ndi yakale omwe. Zonse zinagwa. Magalimoto odzaza anaima pageti ku Moatize, mzere mpaka kumsewu. Shefe, bwana wake, anamuuza kuti dzuwa likalowa zisanatheke, mawa asabwere.

Kenako anaimba mwana wanga.

"Ababa, mwawauza chiyani anzanga?"

"Kuti zili bwino."

"Munawerenga?"

Ndinayang'ananso mawu ofiira aja.

"Iii, ababa inu! Jambulani tabuletiyo ndi foni, munditumizire pompano."

Ndinajambula. Mawu ofiirawo ankanena kuti kagawo kaja kakusowa kiyi wachinsinsi wolowera. Mkamwini anabwezeretsa pulogalamu yakale, magalimoto n'kuyamba kutuluka. Yatsopanoyo anaiika tsiku lina, kiyi ali m'malo.

Ntchito sinamuthere, koma shefe anamukalipira madalaivala akumva. Anamufunsa kuti wamuuza ndani kuti zakonzeka. Iye anangoti, "Ndalakwa ndine."

Nditabwerako ndinamupeza pageti. Anavula chipewa, n'kuwerama, n'kundifunsa za ulendo. Ndinayankha ndikuyang'ana matayala.