Kamera ya Pamimba

Mumsewu wonse ankawatchula kuti Atelala, ngakhale singano sankaigwira. Mayiwa ankasoka zithunzi pa kompyuta. Amuna awo ankajambula nyumba zogulitsa, maholo ndi masitolo, zidutswazidutswa kuzungulira chipinda chonse, ndipo iwo ankalumikiza zidutswazo kukhala chithunzi chimodzi chachitali, choti wogula aone khomo, mazenera ndi denga nthawi imodzi. Denga likakhala lodontha, kunena zoona, ankalipukutako pang'ono.

Ntchitoyi anaiphunzira okha, mwana ali kumsana, m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Ana anakula n'kuchoka, makompyuta anafa n'kugulidwa ena, koma mpando wawo unali womwewo, wa mwendo umodzi wochirikiza ndi katoni.

Bambowo anali ndi kajambulidwe kawokawo. Ankatsamiritsa kamera pamimba, n'kumazungulira ndi zidendene pang'onopang'ono ngati chitseko cholemera, uku akudina. Tsono munthu amazungulira pamene waimapo, koma kamera ili kutsogolo, pansonga ya mimba, ndiye imayenda ulendo wakewake. Zinthu zapafupi zimasuntha pakati pa chidutswa china ndi chinzake. Ukasoka, mwendo wa tebulo umathyoka pamsoko, felemu la chitseko limapindika. Mwamwayi pulogalamu yosokera ili ndi kabokosi kolembamo kuti kamera inatalikirana motani ndi pamene munthu amazungulirapo. Atelala ankasinthasintha nambalayo mpaka tebulo litachira. Motero mimba ya amuna awo ankaidziwa kuposa mmene lamba ankaidziwira.

Kwa zaka zambiri imeneyi inali nkhani yoseka basi. Inasiya kusekesa tsiku limene bambowo anakhala pansi pamasitepe a holo ina, atagwira pachifuwa. Adokotala sanazungulire: magazi akuthamanga kwambiri, mimbayo itsike, apo ayi mayi ayambe kuzolowera kugona okha. Atelala anachita mantha osaneneka. Munthu wovuta uja, wosiya masokosi paliponse uja, sankafuna kumutaya.

Bambowo analumbira pamaso pa adokotala, nagula nsapato zothamangira zoyera mbee. M'mawa uliwonse ankatuluka mwamphamvu, n'kubwerako akupuma mwaphuma, nkhope yonyowa. Chodabwitsa, njira yothamangirayo inkadutsa pa bekale, ndipo thukuta lake linkanunkhira makeke. Atelala sankanunkhiza malaya a munthu, sankasecha m'matumba. Ankangotsegula zithunzi za tsikulo, n'kuona nambala ya m'kabokosi ikukwerabe.

Ankawauza mozungulira. Tsiku lina ankati tebulo la anthu lathyokanso miyendo, kaya zipinda za masiku ano n'zimene zikunenepa. Bambowo ankati pulogalamuyo yakalamba. Mawa lake ankati vuto ndi malaya, nsalu yake njokhuthala. Koma sanali opusa. Ataima kumbuyo kwa akazi awo kangapo, akuyang'ana chala chikupita pa kabokosi, anazindikira kumene kazitape akukhala.

Anayamba ndi kukoka mimba. Pojambula sitolo ina ya nsapato anakoka mpweya, mimba n'kulowa, nayamba kuzungulira nkhope ili gwaa. Mpweya unawathera pakati pa ulendo, mimba inabwerera mwakale, kamera inalumphira kutsogolo. Theka la sitolo linafuna nambala ya mnyamata, theka linalo nambala ya bambo wa ana akuluakulu, ndipo pamene mpweya unathera, mwini sitolo anatuluka pachithunzipo ali ndi makutu atatu. Atelala anaseka mpaka wometa anagogoda khoma. Atatha kuseka nkhawa inawabwerera, chifukwa munthu wolimbikira chonchi kubisa ndiye kuti makeke sawasiya.

Sabata yotsatira bambowo analowa atanyamula chikwama chachitali, akuimba mluzu. Munali choimikapo kamera cha miyendo itatu, chokhala ndi mutu wozungulitsa kamera pamalo amodzi, osasuntha ngakhale pang'ono. Ananena kuti achita zimenezi pofuna kupeputsa ntchito ya akazi awo, ndipo ponena mawuwa sanaphethire.

Zithunzi zinayamba kubwera zokongola zedi. Matebulo anali ndi miyendo yowongoka, mafelemu anali chilili, m'kabokosi munali ziro tsiku ndi tsiku. Ogulitsa nyumba anayamikira. Ntchito ya masana onse inkatha tiyi asanazizire. Atelala anadana nazo zithunzi zimenezo ndi mtima wawo wonse. Ankayang'ana amuna awo chamumbali, koma diso la munthu amene umamuona tsiku lililonse limanama, ndiponso bambowo anali atayamba kuvala malaya otayirira. Sikelo ankaizemba ngati galu wolusa.

Masana ena, bambowo ali chiimire kupukuta galasi la kamera, Atelala anatseka kompyuta, nadzuka pampando wawo wa katoni. Anafika kumbuyo kwa amuna awo n'kuwazinga ndi manja onse awiri, tsaya lili pamsana. Bambowo anauma thupi. Zoterezi zinali zitatha kale m'banjamo, mwina mwana womaliza asanayambe sukulu.

"Amayi, masana ano? Wometa aona."

"Aone. Khalani phee, bambo a ana, ndipo musakoke mpweya."

Anatambasula zala kufunafuna zinzake kutsogolo kuja. Sizinakumane. Anayesanso ataimira zala za kumapazi, koma pakati panali mtunda. Anafuna kunena chipongwe china monga mwa masiku onse, koma anangokanikiza nkhope pamsanapo, ndipo sanachotse manja.

Bambowo anamva kunyowa pamsana pa malaya. Anaika kamera patebulo pang'onopang'ono, nayang'ana pansi, pamanja awiri aja osakumana.

"Kwatsala potalika bwanji?"

"Chikhatho chathunthu."

Bambowo anagwira manja a akazi awo kuti asachoke.

"Ndiye muzindiyeza chonchi m'mawa uliwonse," anatero. "Kompyuta ija inalibe ulemu."