Nsalu ya Banga pa Kamwendo

Mwamuna wanga atapita ku migodi ya ku Joni n'kuleka kulemba makalata, ndinatsala ndi ana awiri ndi khasu basi. Mlamu wanga ndiye anandiuza kuti a Che Yusufu, Msilamu wogulitsa nsalu pa Kamwendo, akufuna munthu wodziwa kusoka. Ndinamanga khadi ya chipani pamfundo ya chitenje n'kunyamuka ku Mlonyeni m'mamawa.

Sanandifunse za tchalitchi changa. Anandipatsa tepi, choko ndi sizasi kuti ndidule mayadi awiri. Atayezanso, anaseka n'kunena kuti chala changa chadya inchi ya wogula. Komabe ananditenga. Anati makina osokera ndi nsalu ndi zawo, manja ndi anga, phindu tizigawana pakati. Malonda akagwa, iwo ataya katundu, ine thukuta. Katapira kwa iwo anali haramu, chinthu choletsedwa.

Chaka chimenecho denga la sitolo yawo linadontha, ndipo nsalu ina yabuluu inachita banga pakati. Lachisanu lina, iwo ali ku mzikiti, panabwera dalaivala wa lole ya ku Zambia kufuna mayadi sikisi a akazi ake. Ndinapindira banga lija mkati, ndinamugulitsa pamtengo wonse, mtima uli mbee.

A Che Yusufu atabwera anayang'ana pashelefu. "Ogulawo mwawaonetsa banga lija?"

Ndinavomera kuti sindinawaonetse.

"Mayi, ndalama yotere ilibe madalitso. Apezeni asanapite."

Ndinathamanga mpaka kumapeto kwa msika, kumene ndinamupeza akuthira madzi mu injini. Ndinatambasula nsaluyo pamaso pa anthu, manyazi atandigwira, n'kumuuza zomwe ndinachita. Bamboyo anaseka mpaka kutsamira tayala.

"Amai, mwathamanga konse uku kuti muniuze kuti mwaninama?"

Anakana kuibweza. Anangolola kuti ndimubwezere theka la mtengo, ati akazi ake asoka mapilo. Mwezi wotsatira anabwera ndi madalaivala anzake atatu, ndipo kuyambira pamenepo malole ankaima pakhomo pathu. Ndinasoka madiresi opita ku Chipata mpaka miyendo kutupa. Gawo langa linaphunzitsa ana onse awiri, ndipo patapita zaka zinayi ndinagula makina anga.

Ine ndine Mkhristu mpaka lero, koma malonda ndinaphunzira kwa Msilamu uja. Wogula asanatulutse ndalama, nsalu ndimaitambasula yonse padzuwa, ndipo choipa ndimayamba kuloza ndine.