Chala Chopindika cha Bindo

Dianora anasambitsa mitembo zaka makumi atatu pachipatala china cha amphawi mumzinda wa Florence, ndipo akufa sankawaopa. Amoyo ndiwo ankamutopetsa, makamaka amisiri ojambula. Anthu amenewa akangomva kuti kwafa munthu wopanda abale, ankatulukira ndi mapepala, choko chofiira ndi timipeni, ati aone mmene mnofu umagwirira fupa. Iwo akamaliza, singano inkatsalira Dianora, ndipo ankasoka uku akung'ung'udza.

"Mwamung'amba mwana wa eni ngati thumba la ubweya. Nanga lipenga likadzalira adzadzuka bwanji?"

Mwamuna wake, Bindo, ankanyamula miyala yosemera ziboliboli. Mikono yake inatchuka mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Arno, moti mmisiri wina, Vieri, ankamuimika tsiku lathunthu atasenza mtsuko, iye ali kalikiliki kujambula. Bindo ankabwerako akuseka.

"Mkazi wanga, kumeneko akuti ndine chimphona. Tandipatsa buledi ndi anyezi, chimphona chafa ndi njala."

Chala chake chaching'ono cha kudzanja lamanja chinali chopindika. Mwala unachiphwanya chaka chimene anakwatirana, ndipo amene anachimanga mokhotetsa anali Dianora yemweyo. Bindo ankati imeneyo ndiyo mphete yake yaukwati. Mwana sanakhale naye, koma ankakondana mpaka anansi kuchita nazo nsanje.

Fumbi la miyala litamudya chifuwa, Bindo anauza mkazi wake zimene analonjeza Vieri.

"Mkono uwu wakhala akuujambula kunja zaka zonsezi. Ndikapita umulole aone ndi mkati momwe."

Dianora anavomera pakamwa pokha, mumtima ali ndi mantha. Sankaopa mpeni ayi. Anali ataona mapepala ambiri a amisiriwa, mikono ndi miyendo yopanda mwini, ndipo ankaopa kuti Bindo wake adzasanduka chimodzimodzi, nyama yopanda dzina. Komabe mawu a womwalira salumphidwa. Bindo atamwalira, m'mawa mwake anamusambitsa yekha, nakhala pambali Vieri akutsata mtsempha uliwonse kuchokera paphewa mpaka kuzala. Kenako anasoka pang'onopang'ono, ndi ulusi umene ankasungira malaya a pa Isitala.

Patatha mwezi Vieri anabwera ndi mapepala ake, nkhope ili ngwee. Kunena zoona, ntchito inali yaluso. Mitsempha inkaoneka ngati igunda, mnofu uliwonse uli pamalo pake. Dianora anayang'ana pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu. Zala zonse zinali zowongoka bwinobwino.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi a Bindo, mayi."

"Musandinamize, bambo Vieri. Chala chija chili kuti?"

"Mayi, ife timajambula thupi monga analipangira Mulungu, osati monga unaliwonongera mwala. Ndinangochikonza."

"Munachikonza! Ndiye amuna anga munawatsegulira chiyani? Bwanji osangotenga wina aliyense? Chala chimenecho ndinakhotetsa ndine, ndipo eni ake sanadandaulepo."

Mayi amene anasoka mitembo yosawerengeka maso ali gwa analira ngati kamwana. Vieri anapinda mapepala ake natuluka, manyazi atamugwira.

Zaka ziwiri zinadutsa osalankhulana. Akakumana pamlatho, Dianora ankayang'ana madzi. Tsiku lina mayi wogulitsa makandulo anamukoka dzanja kuti akaone chithunzi chatsopano chimene Vieri anajambula pakhoma la tchalitchi cha kwawoko. Anapita monyinyirika.

Chinali chithunzi cha Ambuye akutsitsidwa pamtanda. Pamakwerero panaima munthu amene anawagwira m'khwapa kuti asagwe. Nkhope yake inali yachilendo, ndevu zake zachilendonso. Koma mkonowo Dianora anaudziwa asanafike n'komwe pafupi, chifukwa anagonera pamenepo theka la moyo wake. Anautsata ndi maso kutsika mpaka kudzanja, ndipo panthiti za Ambuye panali kachala kaja, kopindika monga anakamangira iye.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse popita kuntchito ankayamba wadzera m'tchalitchimo. Ansembe ankamuyamikira kuti ndi mayi wopemphera, ndipo iye sankawatsutsa. Ankagwada, kuchita chizindikiro cha mtanda, kenako n'kukweza maso kumakwerero kuja, nanong'ona:

"Gwiritsitsani, chimphona inu. Koma mwadya kodi?"